Manobu akubwerera okha mu FL Studio: wawagwira ndani?

Funso lachokera kwa m'bale wina wa ku Chilobwe amene amajambula makwaya ndi oimba nyimbo zauzimu m'chipinda kwawo ndi FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira ndi kusakanizira nyimbo. Akuti: "Ndimagwiritsa ntchito FL Studio pa laputopu. Ndikatsitsa voliyumu ya wotsogolera nyimbo, ndikangodina Play nobu ija imabwerera pomwe inali. Pena ndimatembenuza nobu ya plugin (kapulogalamu kowonjezera kosinthira kamvekedwe ka mawu) koma osamva kusintha kulikonse. Kwaya ikakhala ya anthu ambiri laputopu imayamba kuthetheka, ndipo nyimbo ina nditapita nayo kusitudiyo ya mnzanga ku Ndirande inakamveka mwina. Kodi laputopu yatopa, kapena ndigule ma plugin ena?"

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye. Pa zinthu zinayi mwatchulazi, zitatu zikuchokera pa gwero limodzi, ndipo gwerolo si laputopu. Nobu iliyonse mu pulogalamuyi ili ndi malo ake pa njira imene mawu amadutsa, komanso ili ndi amene akuigwira pa nthawiyo. Mwina ndi dzanja lanu, mwina ndi automation (malangizo oti nobu iziyenda yokha) imene munalemba dzana n'kuiwala, mwinanso ndi kiyibodi ya MIDI (njira imene zida zoimbira zimalankhulira ndi kompyuta) ili pambali panupo. Mukadziwa pomwe nobu yakhala ndi amene waigwira, zambiri mwa izi zimatha tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi njira ya mawu. Amene munathirirapo mbewu kudimba mukudziwa kuti madzi a m'ngalande amatsata mzere umodzi, ndipo mukatseka kumtunda, bedi lililonse lakumunsi limamva. Mu FL Studio mawu amayambira mu Channel Rack, imene imatseguka ndi F6. Chilichonse chili m'menemo ndi tchanelo: ng'oma, piyano, besi, ngakhalenso mawu a woimba amene mwawaika mu Playlist, pomwe nyimbo imayalidwa, ngati audio clip (chidutswa cha mawu ojambulidwa). Tchanelo iliyonse ili ndi timanobu tiwiri kumanzere kwake, ka pan (kokankhira mawu kumanzere kapena kumanja) ndi ka voliyumu, ndiponso kabokosi ka nambala kosonyeza track (mzere) ya mu Mixer, chosakanizira mawu, kumene mawuwo akupita. Akafika mu Mixer, imene imatseguka ndi F9, amalowa m'mipata 10 ya ma plugin, kuyambira mpata wapamwamba kutsika mmunsi, kenako amadutsa pa fader (chokoka chokwezera ndi kutsitsira voliyumu) ya track imeneyo, n'kumapita ku Master, track imene mawu onse amakumanako potuluka.

Funso lanu lachiwiri layankhidwa pomwepa. Nthawi zambiri munthu akamatembenuza EQ (plugin yokweza kapena kudula besi, mawu apakati ndi apamwamba) osamva kanthu, ndiye kuti EQ waiika pa track 5 pomwe mawu a woimbayo sakudutsako n'komwe. Tchanelo yatsopano ikapanda kupatsidwa nambala imangolunjika ku Master. Yang'anani kabokosi kaja. Njira yachangu ndi kusankha tchaneloyo, kupita mu Mixer, kudina track yopanda kanthu n'kumenya Ctrl ndi L. Dzina ndi mtundu wa tchanelo zimasamukira pa track ija, ndipo mita yake iyenera kuyamba kuvina woimba akamaimba. Mita ikangokhala chete, musavutike ndi plugin, mawu sanafike.

Ngati mita ikuvina koma kusintha sikukumveka, onani kumanja kwa mpata umene plugin yakhalamo. Pali kanyale kobiriwira kozimitsira ndi kuyatsira plugin, ndiye pali kanobu kakang'ono ka mix level. Kanobu kameneka kamasakaniza mawu odutsa mu plugin ndi mawu osakhudzidwa. Kamatembenuka mosavuta ndi gudumu la mausi munthu osazindikira, ndipo kakafika pa ziro plugin imaoneka yoyaka bwinobwino koma sikugwira ntchito. Pa EQ kasiyeni pa 100 peresenti nthawi zonse, chifukwa EQ imasuntha phase (nthawi imene mafunde a mawu amafikira), ndiye mukaisakaniza theka ndi mawu oyamba zotuluka sizifanananso ndi chithunzi chimene mukuona pa sikirini. Pa compressor, plugin yopanikiza mawu okwera kuti asatalikirane ndi otsika, ndi pomwe mungakatsitse dala, makamaka pa ng'oma.

Pali chinthu china pa njira yomweyi chimene achinyamata ambiri obwera kusitudiyo kwanga sachidziwa, ndipo chimandikhudza chifukwa chimaononga ntchito yabwino. Voliyumu ya mu Channel Rack ndi fader ya mu Mixer si chinthu chimodzi. Ya mu Channel Rack ili kumtunda kwa ma plugin, fader ili kumunsi. Tiyerekeze kuti mwakonza compressor ya wotsogolera nyimbo bwinobwino, ikupanikiza ma dB 4 (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) pomwe wakweza mawu. Kenako mwaona kuti wakwera kwambiri, n'kutsitsa nobu ya mu Channel Rack. Mawu olowa mu compressor achepa, sakufikanso pa threshold, mlingo umene compressor imayambira kugwira, compressor yasiya kugwira, ndipo woimba uja wayambanso kumira pa vesi n'kumalumpha pa kolasi. Inu mumafuna kutsitsa voliyumu yokha koma mwasintha kamvekedwe konse. Choncho nobu ya mu Channel Rack muigwire poyamba penipeni, musanaike plugin iliyonse, kuti mawu azilowa mu Mixer pa mlingo wabwino. Ine ndimafuna nsonga za mawu zizifika cha pa -10 kapena -12 dB pa mita ya track. Mukatero isiyeni. Kukweza ndi kutsitsa kwa pambuyo pake ndi ntchito ya fader.

Wina adzakuuzani kuti FL Studio imawerengera mawu mu 32-bit float, ndiye track ikafiira palibe vuto. Mkati mwa Mixer n'zoona ndithu. Koma ma plugin otsanzira zida zakale amasintha kamvekedwe mukawamenya mwamphamvu, ndipo pa Master malire a 0 dB ndi enieni mukamatulutsa WAV ya 16-bit kapena MP3. Komanso template ina yoyambira imabwera ndi Fruity Limiter pa Master. Limiter imeneyo, poti imaletsa mawu kupitirira malire, imabisa kufiira konse, inu n'kumangokweza ma track osadziwa kuti nyimbo ikuphwanyika. Poyamba mix izimitseni, mudzaiyatse kumapeto. Za pojambula ndiye n'zosiyana: mawu akasweka polowa pa maikolofoni chifukwa gain ya pa soundcard inakwera, madzi akatayika saoleka, palibe plugin ingawabweze.

Tsopano nkhani yaikulu, ya nobu yobwerera yokha. Ili ndi magwero anayi, ndipo muziwafufuza motsatana.

Loyamba ndi automation clip. Mukadina kumanja pa nobu n'kusankha Create automation clip, mwaipereka nobuyo kwa mzere umene waikidwa mu Playlist. Kuyambira pamenepo nyimbo ikamadutsa pa clip ija, mzerewo ndi umene ukulamula. Mutha kutsitsa ndi dzanja kakhumi, ikangofika pa clip idzabwerera. Vuto limakula chifukwa clip ikhoza kukhala kutali mmunsi mwa Playlist kumene simukuyang'anako.

Lachiwiri ndi lobisika kuposa apo. Batani la Record mukalidina kumanja limaonetsa zinthu zimene likujambula, ndipo pakati pake pali Automation. Ngati pali chizindikiro pamenepo, ndiye tsiku lina mukujambula woimba munagwira fader kuti amve bwino m'mahedifoni, kugwira kumeneko kunalembedwa mkati mwa pattern (chidutswa cha nyimbo chosungamo manoti ndi automation) imene inali yosankhidwa. Sikuoneka ngati clip yapayokha. Dinani kumanja pa nobu yovutayo, sankhani Edit events, muone ngati muli zolembedwa. Ine pojambula mawu ndimachotsa chizindikiro pa Automation n'kusiya Audio yokha. Ndinaphunzira izi kalekale pa kwaya ina ya amayi imene inachokera ku Bangwe m'mawa kuli chiperoni. Alto ankangozimirira pakati pa vesi yachiwiri, ndipo ndinatha madzulo onse ndikusintha ma plugin, pomwe chinali chala changa chomwe chinagunda fader nthawi yojambula.

Lachitatu ndi limene ndikuganiza kuti lakugwirani inuyo, chifukwa mwati imabwerera mukangodina Play. Nobu ikangopatsidwa automation, FL Studio imasunga mlingo umene nobuyo inali nawo, n'kumaibwezera pamenepo nyimbo ikamayamba. Ngakhale mutafufuta clip ija mu Playlist, mlingo woyambirawo umatsala. Mankhwala ake ndi apafupi: ikani nobu pomwe mukufuna, dinani kumanja, sankhani Init song with this position. Mukafuna kuuchotseratu, pitani mu Browser, tsegulani Current project, kenako Initialized controls. Manobu onse osungidwa chotere ali pamenepo, ndipo mutha kufufuta amene simukuwafuna.

Lachinayi ndi kiyibodi kapena controller ya MIDI. MIDI inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo nobu yake imatumiza manambala kuyambira 0 mpaka 127. Makiyibodi ambiri amene timagula akale ku Limbe amakhala atamwa fumbi, ndiye nobu yotopa imanjenjemera yokha pakati pa manambala awiri ngakhale palibe waikhudza. Ngati munailumikizapo ndi Link to controller, ndiye kuti fader yanu ikulamulidwa ndi fumbi. Zolumikiza zonse zimaoneka mu Current project momwemo, pansi pa Remote control. Kuyesa kwake n'kosavuta, zulani chingwe cha USB muone ngati vuto latha. Ndipo ngati mumakonda kugwiritsa ntchito manobu a pa kiyibodi, yatsani Pickup, kuti nobu ya pa sikirini isamalumphe mpaka ya m'manja itafika pa mlingo womwewo.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nobu imodzi isakhale ndi eni awiri. N'chifukwa chake ine fader ya woimba sindiipatsa automation ngakhale pang'ono. Ndimaika Fruity Balance mu mpata womaliza wa track, automation yonse yokweza mawu ofooka ndi kutsitsa ofuula ndimailemba pa voliyumu ya Fruity Balance. Fader imatsala yaufulu. Abusa akabwera kudzamvera n'kunena kuti wotsogolera akwereko pang'ono, ndimangokankha fader dB imodzi, zokwera ndi zotsika zonse zija n'kusamuka pamodzi. Mukanakhala kuti munalemba pa fader, bwenzi mukukonzanso mfundo iliyonse ya mzere uja.

Pa ma plugin a makampani ena, kudina kumanja nthawi zambiri sikubweretsa menyu ya FL Studio. Gwedezani nobuyo pang'ono, pitani ku Tools, Last tweaked, ndipo Create automation clip ndi Link to controller muzipeza pamenepo. Zina zing'onozing'ono zothandiza dzanja: mukagwira Ctrl pokoka nobu imayenda pang'onopang'ono, ndipo kabokosi ka pamwamba kumanzere kamakuuzani nambala yeniyeni. Muziiwerenga nambalayo. Copy value ndi Paste value zimathandiza kuti ma soprano awiri akhale pa mlingo umodzi ndendende.

Kandandalikidwe ka ma plugin m'mipata kali ndi tanthauzo, popeza wapamwamba amadyetsa wammunsi. Pa mawu a munthu ine ndimayamba ndi Fruity Parametric EQ 2, kudula zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz (Hz ikachepa, mawu amakhala a besi). Kumeneko kulibe mawu a woimba, kuli kugunda kwa mapazi, magalimoto a pamsewu, ndi kulira kwa magetsi athu a 50 Hz kumene kumalowa waya wa earth akakhala wosalongosoka. Chichewa chathu chilinso ndi mpweya wambiri pa ph, th, kh ndi mph. Woimba akati "mphamvu" kapena "Mpulumutsi wathu" pafupi ndi maikolofoni, mpweya umenewo umagunda ngati ng'oma. Mukaika compressor patsogolo pa EQ, imamva kugunda kuja n'kupanikiza liwu lonse. Dulani kaye, panikizani pambuyo. Compressor yake ndimakonda mbali ya COMP ya mu Fruity Limiter chifukwa imajambula pa sikirini mmene ikupanikizira. Ratio (mphamvu ya kupanikiza) ya 3:1, threshold yotsitsidwa mpaka izidya ma dB 3 kufika 6 pa mawu okwera, n'poyambira pabwino. Kenako mvetserani ma s, ts, ps ndi tch, amene amakhala cha pakati pa 5 ndi 8 kHz ndipo amalasa khutu compressor ikawakweza. Pamenepo mpamene pamafunika de-esser, plugin yofewetsa mawu amenewa.

Plugin iliyonse mukaika, linganizani voliyumu yotuluka ndi yolowa musanaweruze. Khutu la munthu limanyengeka: chokwera pang'ono chimamveka ngati chokoma. Fletcher ndi Munson anaonetsa mu 1933 kuti mawu akamakwera khutu limamva besi ndi nsonga zapamwamba mochuluka. Ma preset ambiri amakweza dB imodzi kapena ziwiri, inu n'kumati plugin yachita zodabwitsa. Tsitsani gain yake mpaka mita ifanane, zimitsani ndi kuyatsa kanyale kobiriwira kaja maso mutatsinzina. Ngati simukutha kusiyanitsa, ichotseni. Mipata 10 sikutanthauza kuti yonse idzaze. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ma track ambiri amene ndimalandira ali ndi ma EQ atatu olimbana okhaokha, wina akukweza pomwe mnzake wadula.

Kuthetheka kwa laputopu kukuchokeranso komweku. Ndikukhulupirira kuti pa kwaya ya ma track 12 mwaika reverb (plugin yopatsa mawu kamvekedwe ka m'chipinda) 12, iliyonse pa track yake. Reverb ndi imodzi mwa ma plugin odya kwambiri CPU, ubongo wa laputopu, komanso oimba 12 aja mwawaika m'zipinda 12 zosiyana, pomwe kwaya imaimba m'tchalitchi chimodzi. Tengani track imodzi yopanda kanthu, itcheni REVERB, ikanipo Fruity Reeverb 2, DRY, ya mawu osakhudzidwa, muitsitse mpaka pansi. Ndiye sankhani track ya woimba aliyense n'kudina kamuvi kali mmunsi mwa track ya REVERB. Pamatuluka nobu yoyezera kuchuluka kwa mawu opita kumeneko: wotsogolera pang'ono kuti akhale pafupi, kwaya yochulukirapo kuti ikhale kumbuyo kwake. Kutumiza kumeneku kumachitika mawu atadutsa pa fader, ndiye mukatsitsa woimba reverb yake imatsika naye. Chimodzimodzi ma soprano onse mutha kuwatumiza ku track imodzi ndi Route to this track only, n'kuwapatsa EQ imodzi ndi compressor imodzi. Kwaya yonse imatha kugwiridwa ndi ma fader anayi: soprano, alto, tenala ndi besi.

Zikapitirira, pitani ku Audio settings muone buffer length, kuchuluka kwa mawu amene laputopu imakonza nthawi imodzi. Pa 44100 Hz, ma sample 256 ndi mamilisekondi pafupifupi 6, 512 ndi pafupifupi 12, 1024 ndi 23. Pojambula mumafuna yaing'ono kuti woimba asadzimve mochedwa m'mahedifoni. Pa mix palibe akuimba, ikwezeni pa 1024, laputopu ipume. Gwiritsani ntchito driver ya ASIO ya soundcard yanu ngati ilipo. Ku Tools, Macros, kuli Switch smart disable for all plugins, imene imagoneka plugin iliyonse pomwe sikulandira mawu. Ndipo pojambula zimitsani zolemera za pa Master monga Maximus ndi ma EQ a linear phase, chifukwa zimachedwetsa mawu, ndipo pulogalamu imachedwetsa ma track ena onse kuti afanane nazo. Woimba akamadandaula kuti akudzimva kawiri, kawirikawiri wolakwa amakhala pa Master.

Za magetsi ndisazisiye, poti tonse tili mu Blantyre momwemu. Akazima, laputopu ikayamba kudya batire, Windows imachepetsa liwiro la CPU kuti batire likhalitse. Nyimbo imene imayenda bwino m'mawa imayamba kuthetheka madzulo popanda chimene mwasintha. Ikani power plan pa High performance. Mu File settings ikani autosave kuti izisunga pafupipafupi, ndipo musanayambe kusintha zazikulu menyani Ctrl ndi N, imene imasunga kope latsopano la nambala yotsatira, lakale n'kutsala momwe linalili.

Funso lomaliza, la ku Ndirande. Fayilo ya FLP, imene FL Studio imasungiramo nyimbo, simanyamula ma plugin, imangonyamula dzina la plugin ndi mmene manobu ake anakhalira. Kwa mnzanuyo plugin ikasowa, mpata wake umangodutsitsa mawu osakhudzidwa. VST, mtundu wa ma plugin a makampani ena, inayambitsidwa ndi kampani ya Steinberg ya ku Germany mu 1996, ndipo VST3 inabwera mu 2008. Plugin imodzi yomweyo ikhoza kukhala ya VST2 kwa inu, ya VST3 kwa mnzanu, pulogalamu n'kuziona ngati zinthu ziwiri zosiyana. Zipped loop package imanyamula ma sample ndi mawu ojambulidwa, koma ma plugin ayi. Choncho mukamapita kwina tengani zinthu ziwiri pa flash: zip imeneyo, ndi ma WAV a 24-bit otulutsidwa ndi Split mixer tracks, amene amatuluka track iliyonse payokha ma plugin ataphikidwiramo kale. Amenewo amatseguka mu Cubase, mu Studio One, paliponse. Kumbukiraninso kuti masipika ndi chipinda cha mnzanu n'zosiyana ndi zanu. Chipinda chaching'ono cha makoma a simenti opanda kanthu chimanama pa besi. Musanakhudze nobu iliyonse kumeneko, mverani kaye nyimbo imene mumaidziwa bwino pa masipika akewo.

Za ma plugin okuba amene amayenda pa ma flash m'tauni muno ndikuchenjezani ngati m'bale wanga. Ndaonapo ntchito ya miyezi itatu ikukana kutseguka chifukwa cha plugin imodzi yotere, ndipo oimba anali atalipira kale. Amene amabwera ndi FL Studio, EQ 2, Limiter, Reeverb 2 ndi Delay 3, akukwana kutulutsa nyimbo ya kwaya yomveka bwino pa wailesi, pa foni ndi mu minibasi ya ku Chilobwe. Ali ndi ubwino winanso woti kulikonse kuli FL Studio aliko.

Loweruka likubwerali musajambule munthu. Tsegulani nyimbo yovutayo, sungani kope ndi Ctrl ndi N, muyambe ndi Initialized controls ndi Remote control, mufufute zimene simukuzidziwa. Kenako tchanelo iliyonse muitsate ndi chala kuchokera mu Channel Rack mpaka ku Master, muipatse dzina ndi mtundu. Track ya wotsogolera ikakhala momwe mukufunira, dinani kumanja, pa File musankhe Save mixer track state as, kuti kwaya yotsatira mudzangoikokera pa track yatsopano n'kukonza threshold molingana ndi woimbayo. Nobu ija ikabwererabe mutachita zonsezi, ndilembereninso mundiuze dzina la plugin ndi version ya FL Studio imene muli nayo, tidzaifufuze limodzi.